Za Pakhomo: Musanagule Wailesi Yakanema, Yambani Mwayeza Chipinda

Mwezi uno tafuna kuti ticheze nanu, awerengi athu okondedwa, pa nkhani ya kugula wailesi yakanema. Nyengo yogulitsa zokolola ikafika, kapena pamene a pantchito alandira kangachepe pakutha pa chaka, mabanja ambiri amakhala pansi kukambirana za katundu amene akusoweka pakhomo, ndipo masiku ano wailesi yakanema siichedwa kutchulidwa, makamaka ndi ana. Ena mwa inu mwatilembera kudandaula kuti munapita kusitolo muli ndi maganizo amodzi, koma ogulitsa atakuunjikirani maina monga LED, QLED, OLED, Full HD ndi 4K, munabwerako mutu utazungulira, osadziwa kuti chabwino nchiti. Mitengo sititchula m'nkhani ino pakuti imasintha mwezi ndi mwezi. Koma aliyense akudziwa kuti ndalama zake zimafanana ndi fizi ya mwana kapena matumba angapo a feteleza, ndipo ndalama zotere siziyenera kutayidwa mwachimbulimbuli.

Tiyambe ndi kuulula kupusa kwathu. Zaka zingapo zapitazo ife amene tikulemba pano tinalowa m'sitolo ina ya mumzinda, ndipo maso athu anakodwa ndi wailesi yaikulu ya mainchesi 55 imene inkaonetsa mbalame za kunkhalango. Nthenga iliyonse inkaoneka payokha, ngakhalenso dontho la mame pa tsamba. Tinapereka ndalama zonse zimene tinasunga, tinaonjezanso zina zimene tinapangana ndi amayi a kunyumba kuti zikhale za malata a khitchini. Titafika nayo kunyumba, anansi atasonkhana, tinailumikiza ku dikoda yathu yakale ndi chingwe chija cha mitu itatu, wachikasu, woyera ndi wofiira. Zimene tinaona zinatichititsa manyazi. Nkhope za owerenga nkhani zinali ngati zapakidwa phala, ndipo pa mpira osewera akathamanga miyendo yao inkasokonekera ndi udzu. Agogo ena a pafupi nafe ananena mosabisa kuti wailesi yathu yakale ija, ya chimsana, inkaonetsa bwino kuposa iyi. Amayi a kunyumba sanayankhule kanthu usiku umenewo, koma tinadziwa kuti akuganiza za malata.

Wogulitsa uja sanatinamize, ndipo wailesiyo inalibe chilema. Cholakwa chinali chathu, pakuti tinagula tisanadzifunse za nyumba yathu: chithunzi cholowa m'wailesimo chidzachokera kuti, oonera adzakhala patali bwanji, chipindacho chimawala motani, ndiponso magetsi athu ngotani. Mafunso amenewa amayankhidwa munthu ali kunyumba, asanakwere minibasi.

Kuti timvane bwino, tiyenera kuyamba tafotokoza za timadontho. Chithunzi cha pa wailesi yakanema chimapangidwa ndi timadontho tating'onoting'ono tondandalikidwa m'mizere, monga mikanda yolukidwa pamodzi, ndipo timadontho tikachuluka chithunzi chimaoneka chosalala. Kanema wa mtundu wakale, monga amene Television Malawi inayamba kuulutsa m'chaka cha 1999, ali ndi mizere 576 yooneka kuchokera pamwamba kufika pansi. Wailesi yolembedwa kuti HD, kapena HD Ready, ili ndi mizere 720 kapena 768. Ya Full HD ili ndi mizere 1,080, ndipo mzere uliwonse uli ndi timadontho 1,920; tonse pamodzi tipitirira pang'ono 2 miliyoni. Ya 4K ili ndi mizere 2,160 ya timadontho 3,840 uliwonse, ndiye kuti timadontho toposa 8 miliyoni, kuchulukitsa kanayi ta Full HD. Tsono onani chimene chinatichitikira ife. Dikoda yathu yakale inkatumiza chithunzi cha timadontho pafupifupi 415,000, pamene galasi la wailesi yatsopano linali ndi malo a timadontho tochuluka kuwirikiza ka 20. Pa timadontho 20 tilitonse, 19 wailesi inkachita kupeka yokha. Mayi akapatsidwa ufa wa anthu awiri kuti aphikire anthu 40, chotuluka mumphika ndi phala la madzi, ngakhale mphikawo utakhala watsopano.

Tipatuke pang'ono pa dzina limeneli la HD, limene ndi chidule cha mau a Chingerezi onena za chithunzi chooneka bwino koposa. Dzinali si la lero. John Logie Baird, mwana wa mbusa wa ku Helensburgh ku Scotland, anaonetsa kanema wake kwa akatswiri ku London m'chaka cha 1926, ndipo chithunzi chake chinali ndi mizere 30 yokha. Pamene BBC inayamba kuulutsa kuchokera ku Alexandra Palace m'chaka cha 1936 ndi mizere 405, anthu a nthawi imeneyo anatcha chithunzicho ndi mau omwewo amene ife tikuwafupikitsa kuti HD. Chimene chinadabwitsa agogo a ku London lero mwana wa sitandade 2 sangachiyang'ane kawiri. Chifukwa chake tikamva dzina latsopano m'sitolo tisamanjenjemere. Lidzakalamba monga anzake.

Funso loyamba, ndiponso lalikulu, ndi la kumene chithunzi chichokera. Amene mumalandira kanema ndi eriyo dziwani kuti kuno kwathu njira ya makono youlutsira imatchedwa DVB-T2, ndiyo imene madikoda monga Kiliye Kiliye ndi GOtv amagwiritsa ntchito. Ena muli ndi dishi padenga. Pa njira ziwiri zonsezi matchanelo ambiri amabwera ndi mizere 576 ija, ena amabwera a HD, koma 4K imapezeka makamaka pa intaneti, ndipo kumeneko ili ndi mtengo wake. Kampani ya Netflix imanena kuti ola limodzi la filimu ya HD limatha kudya mpaka 3 GB, ndipo la 4K mpaka 7 GB. Werengani nokha kuti bandulo imene mumagula ingakwanire maola angati. Ndiponso musaiwale chingwe. Chingwe cha mitu itatu chija sichingathe kunyamula chithunzi cha HD ngakhale dikoda ndi wailesi zonse zitakhala za HD. Pafunika chingwe cha HDMI, ndipo dikoda iyenera kukhala ndi polowetsa chingwecho. Tayang'anani kumbuyo kwa dikoda yanu madzulo ano. Taona nyumba zingapo zimene eni ake analipira HD zaka zapitazo koma sanaionepo nkamodzi komwe, chifukwa cha chingwe cha mtengo wochepa kuposa nkhuku.

Lachiwiri ndi mtunda. Bwerekani tepi kwa telala kapena kwa mmisiri wa matabwa, muyeze kuchokera pamene wailesi idzakhale kufika pa mpando umene bambo kapena mayi amakhalapo. Diso la munthu lili ndi malire. Munthu woona bwino amatha kuzindikira ubwino wonse wa Full HD akakhala pa mtunda wosapitirira msinkhu wa galasi kuwirikiza katatu, ndipo wa 4K akakhala pa theka la mtunda umenewo. Kukula kwa wailesi kumayezedwa mopingasa, kuchokera pa ngodya ya pansi kufika pa ngodya ya pamwamba ya mbali inayo, ndipo inchi imodzi ndi masentimita 2.54. Wailesi ya mainchesi 43 galasi lake ndi lalitali pafupifupi masentimita 54 kuchokera pansi kufika pamwamba. Motero Full HD yake imaoneka yonse pa mita imodzi ndi theka, koma kuti muone phindu la 4K muyenera kukhala pafupi kosakwana mita. Ya mainchesi 55 imafuna mamita awiri pa Full HD ndi mita imodzi pa 4K. Ndani wa ife amaonera kanema atakhala pa mita imodzi? Mwana akatero timamukalipira. M'zipinda zambiri zochezera mipando imakhala pa mamita awiri ndi theka kapena atatu, ndipo pamenepo wailesi ya mainchesi 32 ya HD ndi ina ya mainchesi 32 ya Full HD zimaoneka chimodzimodzi. Sitikunena kuti muope 4K, pakuti mawailesi akuluakulu ambiri tsopano amapangidwa a 4K okhaokha ndipo simungachitire mwina. Tikungoti ngati pali awiri ofanana kukula, musaonjeze ndalama chifukwa cha timadontho timene diso lanu silidzationa.

Tsopano tifike pa maina aja. Za wailesi ya chimsana sitinenapo zambiri, pakuti inasiya kupangidwa. Ya plasma nayonso makampani akuluakulu, Panasonic, Samsung ndi LG, anasiya kuipanga pofika kumapeto kwa 2014. Wina akakutsatsani ya plasma yogwiritsidwapo kale ntchito pa mtengo wotsika, kumbukirani kuti ndi yakale zaka zoposa khumi, ndi yolemera, imadya magetsi kwambiri, ndipo ikaonongeka zipangizo zake nzovuta kupeza.

Mawailesi ambiri amene muwaone m'sitolo ndi a banja limodzi, la LCD, ngakhale avala maina osiyanasiyana. Kapangidwe kake nkotere. Kumbuyo kuli nyali, ndipo kutsogolo kwa nyaliyo kuli galasi lokhala ndi timazenera mamiliyoni timene timatseguka ndi kutsekeka kuti kuwala kudutse kochuluka kapena kochepa, kofiira, kobiriwira kapena kwa buluu. Poyamba nyali za kumbuyoko zinali timachubu tofanana ndi tija ta m'maofesi. Pambuyo pake anayamba kuikako tinyali ta LED, tofanana ndi ta m'tochi za masiku ano, ndipo ogulitsa anayamba kutcha wailesi yonseyo kuti LED. Choncho wogulitsa akakuuzani kuti LED iposa LCD, dziwani kuti akunena za nyali yokha, galasi nlomwelo. Tinyali timeneti tinatheka chifukwa cha akatswiri atatu ochokera ku Japan, Isamu Akasaki, Hiroshi Amano ndi Shuji Nakamura, amene anapanga LED yowala buluu, nalandira mphotho ya Nobel m'chaka cha 2014. Ubwino wa banja limeneli ngwakuti mawailesi ake ngotsika mtengo, ngowala, ndipo sadya magetsi ambiri. Kuipa kwake nkwakuti timazenera tija sititsekeka kotheratu. Kuwala pang'ono kumadontha, ndipo usiku mukazimitsa nyali za m'chipinda malo oyenera kukhala akuda bii amaoneka otuwa ngati phulusa.

QLED, dzina limene Samsung inayamba kulitchukitsa m'chaka cha 2017, ndi mwana wa m'banja lomweli. Anangoonjezera kansalu kopyapyala ka tinjere tosaoneka ndi maso pakati pa nyali ndi galasi, ndipo tinjereto timachititsa kuti mitundu ituluke yowala ndi yoyera bwino. Mini-LED nayonso ndi ya m'banjamo: m'malo mwa tinyali tochepa ili ndi tinyali tambirimbiri tokhala m'magulu, kotero kuti gulu la kuseri kwa malo amdima limatha kuzilala pamene magulu ena akuwala. Zonse ziwiri nzabwino ndithu, ndipo m'chipinda chowala kusiyana kwake ndi LED wamba kumaoneka. Koma dzina la QLED palokha silitsimikiza kanthu, pakuti pali za QLED zotsika mtengo zimene siziposa LED yabwino.

OLED ndiyo ya mtundu wina, ngakhale dzina lake lisiyana ndi QLED pa chilembo chimodzi chokha, chimene chasokoneza anthu ambiri. Ilibe nyali kumbuyo. Kadontho kalikonse kamadziwalira kokha, ndipo pofunika mdima kamangozima. Chifukwa chake chakuda chimakhala chakudadi, mitundu imaoneka yakuya, ndipo chithunzi sichisintha ngakhale munthu atakhala chakumbali. Njira imeneyi anaiyamba Ching Tang ndi Steven Van Slyke pa kampani ya Kodak m'chaka cha 1987, ndipo LG inayamba kugulitsa mawailesi ake a mainchesi 55 m'chaka cha 2013. Kunena zoona, m'chipinda chamdima palibe yoiposa, ndipo ife tikaiona timaisirira. Komatu mtengo wake ngokwera kwambiri, ndipo ili ndi nthenda yake. Chinthu chikakhala malo amodzi pa galasi kwa maola ambirimbiri, monga chizindikiro cha tchanelo pa ngodya kapena mzere wa nkhani woyenda pansi, timadontho ta pamenepo timatha kutopa msanga kuposa tinzake, nkusiya chipsera chosafufutika. Opanga achepetsa vutoli m'zaka zapitazi, koma m'nyumba zimene wailesi imayatsidwa m'mawa pa tchanelo chimodzi mpaka usiku, kapena m'malo ogulitsira zakudya, ife sitingalangize OLED.

Pali chinthu china chimene ogulitsa satchula kawirikawiri, koma kwa ife nchachikulu kuposa maina onsewa. Kwathu kuno kanema saonera munthu mmodzi. Tsiku limene Flames ikusewera, ena amakhala pa mipando, ana pamkeka, anansi chakukhomo, wina kusuzumira pazenera. Magalasi a LCD alipo a mitundu iwiri yodziwika. A VA amaonetsa chakuda bwino kwa munthu wokhala kutsogolo kwenikweni, koma wokhala chakumbali amaona mitundu itafwifwa. A IPS chakuda chao nchotuwirako, koma chithunzi chimakhalabe bwino kwa a m'mbali. Pa katoni nthawi zambiri salembapo, ndipo simufunika kuloweza maina ake. Mukafika m'sitolo imani kutsogolo kwa wailesi, kenaka yendani pang'onopang'ono kupita kumbali mukuyang'ana nkhope ya munthu wa pa galasipo, ndiponso gwadani pansi monga akhalira ana. Nkhopeyo ikayamba kutuwa msanga, dziwani kuti alendo anu adzaona zomwezo. Banja lalikulu, loonera masana chitseko chili chotsegula, lisankhe yowala ndi yooneka bwino kumbali, ndipo lisaiike moyang'anana ndi zenera.

Za magetsi nazo zimafuna pensulo ndi pepala. Kumbuyo kwa wailesi iliyonse kuli kapepala konena mawati amene imadya, ndipo wailesi ikakula mawatinso amakwera. Kwa amene mumadalira sola, nachi chitsanzo. Batire ya 12V ya 100Ah ikadzaza imasunga mphamvu yokwanira mawati 1,200 kwa ola limodzi, koma batire ya mtovu siyenera kukhetsedwa kupitirira theka ngati mufuna kuti ikhalitse, ndiye kuti muli ndi 600 okha. Wailesi yodya mawati 40 ingayake maola 15 pa mphamvu imeneyo, koma yodya mawati 120 ingayake maola 5, ndipo pamenepo sitinawerengere dikoda, mababu, mafoni ndi zimene inveta imadya payokha. Alipo mawailesi ang'onoang'ono olumikiza ku batire mwachindunji, osadzera pa inveta, ndipo kumudzi amenewa ngothandiza. Amene muli pa magetsi a mawaya, muwerengere pa mtengo wa wailesi kachipangizo kaja kotchedwa TV guard, pakuti magetsi akazima nkubweranso mwamphamvu amatha kuotcha wailesi ya mwezi umodzi. M'nyengo ya dzinja kukayamba ziphaliwali zulani pulagi pamodzi ndi chingwe cha eriyo kapena cha dishi.

Ambiri muli ndi ana kapena abale kunja amene amafuna kukutumizirani wailesi. Magetsi athu ndi a 230V, ndipo mapulagi athu ndi a mano atatu aphwatalala monga a ku Britain. Wailesi yochokera kumeneko imalowa pa soketi popanda vuto. Ya ku South Africa mphamvu ya magetsi njofanana ndi yathu, koma pulagi yake njosiyana ndipo imafuna kusinthidwa kapena kuikidwa adaputala. Ya ku America ndiyo yofuna kusamala, pakuti kumeneko magetsi ndi a 120V ndipo njira yao youlutsira si DVB-T2. Musailowetse pa soketi musanawerenge kapepala ka kumbuyo kaja. Ndiponso muwauze abalewo kuti galasi lopyapyala silikondana ndi ulendo wautali pa basi. Kawirikawiri nkwabwino kuti atumize ndalama, mugule kuno kumene mungathe kubweza.

Mawailesi olowa pa intaneti okha, amene amati Smart TV, ngabwino kwa amene ali ndi intaneti yokwanira pakhomo. Mapulogalamu ake amakalamba msanga kuposa galasi, ndipo wailesi wamba ingathe kuonjezeredwa kabokosi kochita ntchito yomweyo. Choncho pa izi musatayepo ndalama zambiri. Mau ndiwo muwayese bwino. Wailesi yopyapyala ilibe malo a sipika yaikulu, ndipo okalamba a m'nyumba amavutika kumva zimene zikunenedwa.

Tsiku logula musapite nokha, ndiponso musapite mothamanga. Zithunzi za mbalame ndi maluwa zimene amaonetsa m'sitolo zinajambulidwa mwapadera, ndipo mawailesiwo amawatchera kuti awale mopitirira muyeso kuti akope maso. Chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere. Pemphani kuti akuikireni tchanelo wamba chimene mumaonera kunyumba, makamaka cha mpira kapena cha nkhani, kapena tengani fulashi yanu yokhala ndi kanema wa ukwati wa pabanja. Tepi ija muitenge, muyeze galasi mopingasa, pakuti pamsika pamapezeka mawailesi ovala maina a makampani otchuka amene sanawapange, ndiponso ena olembedwa mainchesi oposa amene ali nao. Werengani polowetsa HDMI. Pakhale pawiri kapena kuposa. Wailesi imene mwalipira aitulutse m'katoni ndi kuiyatsa inu mukuona, muyang'anitsitse ngati palibe kadontho kakufa kapena mng'alu. Landirani risiti yolembedwa nambala ya wailesiyo ndi miyezi ya galanti, ndipo mufunse kuti ikaonongeka amakonzera kuti. Ponyamula ikhale choimirira. Kunyumba ikhomereni kukhoma kapena iikeni pa tebulo lolimba limene mwana wokwawa sangaligwedeze, ndipo popukuta gwiritsani ntchito kansalu kofewa kouma.

Mwina mukufuna kudziwa kuti wailesi yathu ija inatha bwanji. Ikadalipo. Patapita miyezi iwiri tinagula dikoda ina pamodzi ndi chingwe cha HDMI, tinasunthira mipando m'mbuyo pang'ono, ndipo tinachepetsa kuwala kumene anatchera m'sitolo. Matchanelo a HD tsopano amaoneka bwino kwambiri, ndipo agogo aja amabwera kudzaonera mpira popanda kudandaula, ngakhale sanabwezebe mau ao. Matchanelo enawo akadali ndi phala pang'ono. 4K yeniyeni taionapo kawiri kokha, pamene mphwathu anabwera ndi filimu pa fulashi. Malata a khitchini anakhomedwa chaka chotsatira, mvula itagwa kale kawiri.